Rada ya Sentinel-1 ikundisokonezera ayezi ndi madzi, ndikulakwitsa pati?

Wa_ku_Chipoka

Moni nonse akuluakulu. Ndikupempha nzeru kwa amene mumagwira zithunzi za rada za kumalekezero a dziko. Ndili ndi ntchito yakusukulu yogawa ayezi wa pa nyanja yamchere ya Arctic m'magulu asanu: madzi opanda ayezi, nilas (ayezi watsopano wopyapyala kwambiri), ayezi wamng'ono, wa chaka chimodzi, ndi wakale amene wadutsa nyengo yotentha osasungunuka. Ndatenga zithunzi 12 za satelayiti ya rada ya Sentinel-1, za EW GRDM (zojambula malo otambalala, pikiselo ya mamita 40), HH ndi HV (funde limatumizidwa mopingasa, H, n'kulandiridwa mopingasa kapena moimirira, V), za ku Fram Strait pakati pa Greenland ndi Svalbard, za Febuluwale ndi Malichi. Ndazikonza mu SNAP, pulogalamu yokonzera zithunzi za Sentinel, ndatenga mayina a magulu pa mapu a ayezi, n'kuphunzitsa Random Forest, njira ya kompyuta yophunzira kugawa zinthu kuchokera pa zitsanzo.

Mapu akutuluka ndi osadalirika. Pali mizere yotsika kuchokera pamwamba mpaka pansi yomwe sikugwirizana ndi ayezi weniweni. Mbali imodzi ya chithunzi chilichonse ikuwala kuposa inzake, ndipo mbali yowalayo pafupifupi yonse ikutchedwa ayezi wakale. Choipitsitsa, madzi a kufupi ndi Svalbard, omwe mapu akuti mulibe ayezi, nawonso akulowa m'gulu la ayezi wakale. Koma accuracy, kuchuluka kwa mapikiselo amene yalondola poyesa, ikuposa 90 peresenti. Poyeza malo osefukira a Linthipe ndi VV timangoti pakuda ndi madzi, powala ndi mtunda. Kunoku lamulo limenelo likukana. Ndiyambire pati?

Wa_ku_Linga

Achimwene, isiyeni kaye Random Forest. Mavuto awiri oyambawo ali m'chithunzi momwemo, simunafike n'komwe pogawa.

Mizereyo ndi phokoso la zipangizo za mkati mwa satelayiti, thermal noise. EW imajambula malo a makilomita pafupifupi 400 m'lifupi powadula m'zigawo zisanu, EW1 mpaka EW5, kenako n'kuzisoka pamodzi, ndipo chigawo chilichonse chili ndi phokoso lakelake. Pa HH silivuta kwenikweni chifukwa mphamvu yobwerera ku rada ndi yaikulu. Pa HV ndiye pali nkhani. Malire a phokoso amene anayikira Sentinel-1 ndi -22 dB (dB ndi muyeso wa kukula kwa mphamvu), pomwe madzi abata ndi ayezi wosalala pa HV kawirikawiri amabweza mphamvu yochepera apo. Zili ngati wailesi siteshoni ikakhala kutali: zimene mukumva kwambiri ndi kusosola kwa wailesiyo, osati wowulutsa mawu. Msoko woonekera kwambiri ndi wa pakati pa EW1 ndi EW2. Mukayang'anitsitsa muonanso timizere topingasa tobwerezabwereza, timene timabwera chifukwa rada imajambula modukizadukiza mwa njira ya TOPSAR.

Ndondomeko mu SNAP ikhale yotere: Apply Orbit File, kenako Thermal Noise Removal, kenako Calibration kuti mupeze sigma nought, muyeso wa mphamvu yobwerera, kenako kuphatikiza mapikiselo kapena speckle filter, sefa ya timadontho timene timabalalika m'zithunzi za rada, ndipo kusandutsa dB kukhale komaliza. Mukasefa speckle phokoso musanalichotse, mumapaka msoko uja m'mapikiselo oyandikana nawo, ndiye sudzachokanso. Mukachotsa phokoso pa HV, mapikiselo ambiri a pamadzi amatsika kupitirira ziro, ndipo nambala yotere ilibe logarithm, ndiye mumapeza mabowo opanda nambala, a NaN. Phatikizani mapikiselo 2 kwa 2 kapena kuposerapo akadali linear, musanawasandutse dB, otsala pansi pa ziro muwapatse kanambala kakang'ono kofanana, kenako dB.

Onaninso chaka cha zithunzi zanu. Za mmbuyo mwa Malichi 2018 zilibe manambala a phokoso otsata njira ya satelayiti, zili ndi opingasa okha, choncho SNAP singachotse timizere topingasa tija. Ngakhale pa zatsopano, msoko wa EW1 umatsalako. A Nansen Center ku Bergen analemba pulogalamu ya Python, sentinel1denoised, imene imakonzanso manambala a phokoso chigawo ndi chigawo. Imafuna fayilo yonse ya SAFE, ndiye tengani zithunzi ku Copernicus Data Space Ecosystem kapena ku Alaska Satellite Facility. Za mu Google Earth Engine zimabwera atazikonza kale n'kuzisandutsa dB, phokoso simungalikonzenso bwino.

Kuwala kwa mbali imodzi ndi incidence angle, kupendekeka kumene rada imamenyera pansi. Pa EW kumayambira madigiri pafupifupi 19 kufupi ndi satelayiti mpaka 47 kutali. Ayezi yemweyo pa HH amazilala ndi 0.2 mpaka 0.3 dB pa digiri iliyonse. Tengani 0.25, chulukitsani ndi madigiri 28, mupeza 7 dB kuchoka mbali ina kufika ina. Kusiyana kwa ayezi wakale ndi wa chaka chimodzi nthawi zambiri sikuposa pamenepo, n'chifukwa chake wa chaka chimodzi wa mu EW1 akufanana ndi wakale wa mu EW5.

Ambiri amakonza ndi nambala imodzi, kubweretsa chithunzi chonse pa madigiri 35. Zimathandiza pa ayezi koma madzi satsatira. Madzi a mphepo amazilala msanga, kuposa theka la dB pa digiri, ndiye mukawongola ayezi madzi amatsala opendekeka, mukawongola madzi mwapotoza ayezi. Njira ziwiri zabwinoko: kusakonza konse koma kupereka incidence angle ngati chimodzi mwa zophunzirira, kapena kupatsa gulu lililonse kapendekedwe kake, monga anachitira ofufuza a ku yunivesite ya Tromsø mu 2020. Mukasankha yoyambayo, onetsetsani kuti gulu lililonse lili ndi zitsanzo kuyambira EW1 mpaka EW5. Apo ayi kompyuta iphunzira kuti ayezi wakale amakhala pa madigiri 25 chifukwa choti Greenland inagwera mbali imeneyo pa zithunzi zanu 12.

Range-Doppler Terrain Correction ya ku Linthipe ija isiyeni, panyanja palibe mapiri. Ellipsoid Correction ikukwana, ndipo muichite pamapeto, pa mapu otuluka, mu EPSG:3413, projection ya mapu a ku Arctic.

Wa_ku_SengaBay

Za madzi kutchedwa ayezi wakale, achimwene a ku Chipoka, yankho lili pakhomo panu pomwe. Rada ya Sentinel-1 ndi ya C-band, 5.405 GHz, funde lake lotalika masentimita 5 ndi theka. Siona mtundu wa chinthu, imamva kukakala kwa pamwamba pa muyeso wa masentimita ochepa. M'mamawa nyanja ili bata, asodzi a usipa akukocheza madzi ali ngati galasi, mphamvu ya rada imadumphira kutsogolo osabwerera, chithunzi chimada. Mwera ukangoyamba, timafunde ting'onoting'ono timene timachita tsembwe pamwamba pa madzi ndi timene timabweza mphamvu, osati mafunde aakulu ogubuduza bwato. Tengani zithunzi ziwiri za IW, kajambulidwe kamene Sentinel-1 imagwiritsa kumtunda, za pakati pa Senga Bay ndi Chia, china cha tsiku la bata, china cha tsiku la mwera mu Julayi. Madzi omwewo, china chakuda bii, china chotuwa mbee. Lamulo la ku Linthipe limagwira chifukwa madzi osefukira m'minda ndi osaya, otchingidwa ndi mitengo ndi udzu, mphepo siwavundula kwambiri. Fram Strait m'nyengo yozizira ndi mwera wosatha.

Tsono muyenera kudziwa chimene chimawalitsa gulu lililonse, poti kuwalako kumachokera kosiyana.

Madzi amchere amaundana pa -1.8°C. Ayezi watsopano amatsekera madzi amchere m'timatumba mkati mwake, ndipo mcherewo umaletsa rada kulowa. Choncho ayezi wa chaka chimodzi, wa masentimita 30 mpaka mamita 2, rada imangomuona pamwamba: wosalala ndi wakuda, wothyokathyoka n'kusanjikizana ndi wowala. Wakale ndi wina. M'nyengo yotentha madzi osungunuka amatsuka mchere kutsikira pansi, pamwamba n'kutsala ayezi wopanda mchere wodzaza timathovu ta mpweya. Rada imalowa, imagundagunda m'timathovumo, mphamvu ina n'kubwerera itatembenuka. Kutembenukako ndi kumene HV imayeza. N'chifukwa chake ayezi wakale amawala pa HH ndi pa HV pomwe, pamene madzi a mphepo yapakatikati amawala pa HH koma pa HV amakhalabe akuda. Ndiye HV ndi imene imalekanitsa ziwirizi, ndipo HV yomweyo ndi imene ili ndi phokoso limene a ku Linga afotokoza. Ngati HV yanu ili ndi mizere, Random Forest inaitaya n'kudalira HH yokha. Onani feature importance, mndandanda wosonyeza zimene inadalira kwambiri, ndikhulupirira mupeza choncho.

Magulu ang'onoang'ono ndi amene ndikukayikira kuti muwakwanitsa. Nilas, wosakwana masentimita 10, ndi wosalala ndipo amada ngati madzi abata a mphepo yosapitirira mamita 2 kapena 3 pa sekondi. Grease ice, phala lija loyamba kuundana, limapha timafunde ngati mafuta atayikira pamadzi, nalonso lakuda. Koma ayezi wamng'ono wa masentimita 10 mpaka 30 akamera frost flowers, timaluwa ta chisanu ta mchere wambiri, amawala pa HH mpaka kufika pa wakale, kenako chipale chofewa chikagwa n'kutikwirira amadanso. Gulu limodzi, maonekedwe awiri m'masiku ochepa. Kumalire a ayezi kulinso pancake ice, timagawo tozungulira ta milomo yotukuka, tomwe timawala kwambiri ngakhale ndi ta sabata yomweyo. Ine ndingaphatikize nilas ndi wamng'ono kukhala gulu limodzi, n'kugawa wa chaka chimodzi pawiri, wosalala ndi wothyokathyoka, poti izi ndi zimene rada imasiyanitsadi.

Pikiselo imodzi singakuuzeni zonsezi, pamafunika kaonekedwe ka dera. Madzi a mphepo ndi osalala m'maso, kapena ali ndi mizere yotsata mphepo. Ayezi wakale ali ndi magawo ozungulira m'mphepete, ming'alu yakuda pakati pake. Werengani GLCM, miyeso ya mmene kuwala kwa mapikiselo oyandikana kumasiyanirana, pa HH ndi HV: contrast, homogeneity, entropy, correlation ndi energy. Poyambira yesani magulu a kuwala 32, windo ya mapikiselo 32 kapena 64, mtunda wa mapikiselo 4 kapena 8, mbali zonse zinayi n'kutenga avereji. Pamene ambiri amagwa ndi pogawa kuwalako: ikani malire a dB ofanana pa zithunzi zonse, mwachitsanzo -30 mpaka 0 pa HH, osati kuti chithunzi chilichonse chitenge malire akeake. Probabilistic Quantizer ya mu SNAP imatsata chithunzi chimene chili patsogolo pake, ndiye entropy ya Lolemba sifanana ndi ya Lachinayi.

Thandizo lina ndi AMSR2, chipangizo cha pa satelayiti ya ku Japan ya GCOM-W1 yomwe inakwera mu 2012. Imaona mwachimbulimbuli, makilomita angapo pa pikiselo, koma madzi ndi ayezi imawalekanitsa bwino. A yunivesite ya Bremen amatulutsa mapu ake tsiku lililonse pa makilomita 6.25. Onjezani pamenepo mphepo ya mu ERA5, nkhokwe ya manambala a zanyengo a ola ndi ola, ya ola limene chithunzi chinajambulidwa.

Wa_ku_Dwangwa

Zonse zanenedwazo n'zoona, koma palibe wakhudza 90 peresenti ija, pomwe ineyo ndi imene ikundidetsa nkhawa. Mphwanga, munagawa bwanji zophunzitsira ndi zoyesera? Ngati munasakaniza mapikiselo onse n'kutengapo 70 kwa 30 mwachisawawa, ndiye pikiselo yoyesera ili pa mamita 40 kuchokera pa yophunzitsira, chithunzi chomwecho, mphepo yomweyo, kupendekeka komweko. Kumeneko ndi kulemba mayeso mutaona kale pepala. Gawani ndi zithunzi zathunthu, 8 zophunzitsira, 4 zoyesera, za masiku otalikirana. Nambala itsika kwambiri, musadandaule, imeneyo ndiye yoona. Ndipo accuracy yokha imabisa zambiri: ngati nilas ali pa mapikiselo ochepa, mutha kumuphonya yense nambala osagwedezeka. Tulutsani confusion matrix, tebulo losonyeza magulu amene akusokonezedwa, ndi F1, muyeso wa kulondola kwa gulu lililonse palokha.

Chachiwiri ndi mapu amene munatengapo mayina. Katswiri wa ku Danish Meteorological Institute kapena Canadian Ice Service salemba pikiselo ndi pikiselo. Amazunguliza dera lalikulu, nthawi zina makilomita makumimakumi, n'kulipatsa chizindikiro chooneka ngati dzira, egg code. Pamwamba pa dziralo pali kuchuluka kwa ayezi yense m'magawo khumi, pansi pake kuchuluka kwa mitundu mpaka itatu, kenako msinkhu wa mtundu uliwonse, kenako kukula kwa magawo ake. Mu mafayilo a mapuwa, a mtundu wa SIGRID-3, zimenezi ndi CT, kenako CA, SA, FA, kenako CB, SB, FB, motero. Manambala a msinkhu: 82 ndi nilas, 83 wamng'ono, 86 wa chaka chimodzi, 95 wakale.

Msampha uli pa SA, msinkhu wa mtundu woyamba kulembedwa. Amalemba mitundu kuyambira wochindikala kwambiri, osati wochuluka kwambiri. Dera likhoza kukhala ndi magawo 2 a ayezi wakale, 5 a chaka chimodzi, 2 a wamng'ono, limodzi madzi, SA n'kukhala 95. Mukapaka dera lonse dzina la SA, mapikiselo 8 pa 10 alionse mwawanamizira kuti ndi ayezi wakale. Ndikukayikira kuti ichi chikuthandizira kuti gulu limenelo lizimeza anzake pa mapu anu. Tengani madera okhawo amene mtundu umodzi uli ndi magawo 7 kapena kuposa, enawo muwasiye kunja pophunzitsa. Dulaninso kilomita imodzi kapena ziwiri m'mphepete mwa dera lililonse poti mzerewo ndi wa dzanja la munthu. Mapu a ku Norway a dera la Svalbard amasonyeza makamaka kuchuluka kwa ayezi, ndiye ndi abwino pa madzi ndi ayezi, osati pa msinkhu.

Chachitatu, ayezi amayenda. Pa liwiro la masentimita 10 pa sekondi amasuntha makilomita 8.6 pa tsiku, omwe ndi mapikiselo oposa 200 a mamita 40, ndipo ku Fram Strait, khomo limene ayezi wambiri wa Arctic amatulukira, nthawi zambiri amathamanga kuposa apo. Mapu a dzulo pa chithunzi cha lero sagwirizana. Pamafunika chithunzi chenichenicho chimene katswiri anali kuyang'ana. Kuti musavutike, fufuzani AI4Arctic Sea Ice Challenge Dataset, imene inakonzedwera mpikisano wa AutoICE wa 2022 mpaka 2023. Muli zithunzi za EW zoposa 500 zolumikizidwa kale ndi mapu ake, AMSR2 ndi ERA5.

Wa_ku_Chipoka

Zikomo kwambiri nonse. Amalume a ku Dwangwa mwalasa: ndinasakaniza mapikiselo ndipo ndinagwiritsa SA. Mafunso awiri otsala. Laputopu ndi ya RAM 8 GB yopanda GPU, bandulo nayo ndi yowerengera. Kodi ndisamukire ku U-Net, neural network yogawa zithunzi, kapena ndikhalebe pa Random Forest? Ndipo ndikamaliza, pulogalamu yomweyi ingagwire pa zithunzi za Julayi, kapena za ku Antarctica?

Wa_ku_Dwangwa

Pa mapu a madera aakulu U-Net imaposa, chifukwa imaona malo otambalala monga amaonera katswiri, ndipo opambana AutoICE anadalira njira za mtundu umenewo. Simukufunika GPU yanu, Google Colab ilipo, ndipo mukakokera mafayilo komweko bandulo yanu siikhudzidwa kwambiri. Tsitsani zithunzi zifike pa mamita 80 kapena kuposa, dulani tizidutswa ta mapikiselo 256 kapena 512, madera osakanikirana muwaphimbe asalowe mu loss, muyeso wa zolakwa umene imaphunzirirapo.

Wa_ku_SengaBay

Apa ndisiyana nanu pang'ono, amalume. U-Net yophunzira pa egg code imaphunzira kujambula madera ngati katswiri, osati kuona ayezi. Mapu ake amatuluka osalala bwino, koma ming'alu ya madzi ndi nilas ya mamita mazana angapo imafufutika, pomwe kumeneko ndi kumene sitima zimadutsa ndiponso kumene nyanja imatayira kutentha kwambiri m'nyengo yozizira. Ndi zithunzi 12 zokha ingoziloweza pamtima. Ngati achimwenewa akhala ndi 12 zawozo, azungulize okha timadera ting'onoting'ono toyera mu QGIS, 20 kapena 30 pa gulu, akuyang'ana HH, HV ndi mapu limodzi, n'kukhala pa Random Forest. Akatenga za AI4Arctic, pamenepo U-Net ndivomera.

Za RAM, werengani nokha. Chithunzi cha EW GRDM chili ndi mapikiselo pafupifupi 10,000 kwa 10,000. Pa float32 ndi 400 MB bandi imodzi. HH, HV ndi kupendekeka ndi 1.2 GB musanayambe GLCM, ndipo GLCM ya zinthu zisanu pa mabandi awiri iwonjezera 4 GB mukaiwerenga pa pikiselo iliyonse. Musatero. Windo izidumpha mapikiselo 16, zotuluka zikhala pafupifupi 625 kwa 625, zosakwana 2 MB bandi imodzi. Pikiselo ya mamita 40 isakunyengeni, kuona kwenikweni kwa GRDM ndi pafupifupi mamita 90, choncho kuphatikiza 2 kwa 2 simutaya kanthu, mungochepetsa speckle.

Wa_ku_Linga

Za Julayi, ayi, sigwira. Kutentha kukayandikira 0°C chipale cha pamwamba chimanyowa, ndipo chipale chonyowa chimamwa C-band. Rada sifikanso ku timathovu tija, ayezi wakale amada, wa chaka chimodzi nthawi zina amawalirako, mpaka awiriwa kufanana kapena kusinthana malo. Kenako pamabwera zithaphwi za madzi osungunuka pamwamba pa ayezi, zakuda kukakhala bata, zowala kukakhala mphepo. Kuyambira Juni mpaka Seputembala phunzitsani pulogalamu ina payokha, ndipo muchepetse magulu akhale madzi ndi ayezi basi. Posankha kuti chithunzi chipite ku iti, musadalire kalendala, onani kutentha kwa mpweya pa mamita 2 mu ERA5 kwa masiku angapo mmbuyo. L-band, ya funde la masentimita pafupifupi 24 ngati ya ALOS-2, imalowa mozama ndipo imaonetsa bwino ayezi wothyokathyoka m'nyengo imeneyi, koma zithunzi za ALOS-2 sizipezeka mwaulere mochuluka ngati za Sentinel-1. Samalaninso ndi mapu a ku Canada a kumayambiriro kwa Okutobala: pa 1 Okutobala ayezi wa chaka chimodzi amene wapulumuka amamulemba kuti ndi wa chaka chachiwiri. Dzina lasintha usiku umodzi, ayezi ndi yemweyo.

Antarctica ndi dziko lina. Ayezi wambiri kumeneko ndi wa chaka chimodzi, wakale amapezeka makamaka kumadzulo kwa Weddell Sea. Chipale chimagwa chambiri mpaka kulemera kwake kumamiza ayezi, madzi amchere n'kulowa pakati pa ayezi ndi chipalecho, kenako n'kuundana. Zimenezi zimasokoneza lamulo loti wowala pa HV ndi wakale. Kulinso pancake ice wa madera aakulu chifukwa cha mafunde a Southern Ocean, ndi ma iceberg ambiri, omwe ndi ayezi wa madzi opanda mchere wothyoka kumtunda ndipo kawirikawiri amawala kwambiri m'nyengo yozizira. Mufunika zitsanzo za komweko, ndipo projection isinthe ikhale EPSG:3976 kapena 3031.

Chinthu chimodzi ndinaiwala poyamba: phimbani mtunda musanawerenge GLCM, ndipo chophimbacho chilowe m'nyanja mtunda wofanana ndi theka la windo yanu. Windo ya mapikiselo 64 ndi makilomita 2.56, ndiye pikiselo iliyonse yomwe ili mkati mwa makilomita 1.3 kuchokera kugombe la Greenland yatengako miyala yowala ya kumtunda, ndipo ituluka ngati ayezi wakale ngakhale patakhala ayezi wosalala womatirira kugombe.